Kodi Tambu anatigwiritsa fuwa lamoto?

Amayi, imelo yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndiifupikitsa pano kuti ena amve pamene tikuchokera. Mwanena kuti munawerenga Nervous Conditions, nthano yaitali ya Tsitsi Dangarembga, muli mtsikana, ndipo Tambu anakulowani mumtima mpaka munkadziona ngati ndinu iyeyo. Zaka zonsezi mwakhala mukufunitsitsa kudziwa kumene anathera. Chaka chino mwapeza mabuku awiri otsatira, The Book of Not ndi This Mournable Body, mwawawerenga motsatizana, ndipo mtima wanu wasweka. Mawu anu ndi awa: "Tambu amene ndimamudziwa ine si ameneyu. Nditawerenga pamene anatola mwala kuti agende mnzake, tulo sindinatione. Akulu anga akuti mabukuwa aposa loyamba lija, ine ndikuti mlembi anamuwononga mwana uja. Tatsutsana mpaka tasiyana osatsanzikana. Kodi ndine amene sindikumvetsa?"

Amene simunawerenge mabukuwa, dziwiranitu kuti ndiulula zambiri.

Sikuti simukumvetsa ayi. Kukhumudwa kwanuko ndikukudziwa, inenso kunandigwira. Koma ndikukayika ngati amene wakukhumudwitsani ndi mlembi yekha.

Tiyambe ndi zaka. Nervous Conditions inatuluka mu 1988 ku London, ndipo chaka chotsatira inapata mphoto ya Commonwealth Writers' Prize m'chigawo cha Africa. The Book of Not inabwera mu 2006, patadutsa zaka 18. This Mournable Body inatuluka mu 2018, ndiye kuti kuchokera pa buku loyamba kufika pa lachitatu ndi zaka 30. Pakati apa Dangarembga sanangokhala. Anapita ku Berlin kukaphunzira zopanga mafilimu, analemba nkhani ya filimu ya Neria, kenako anatsogolera yake ya Everyone's Child mu 1996. Anabadwa mu 1959, choncho anatipatsa Tambu asanakwanitse zaka 30, n'kudzamumaliza akuyandikira zaka 60. Dziko la Zimbabwe limene analiona mu 1988, ufulu uli ndi zaka 8 zokha, si limene ankaliona mu 2018.

Nanga ife awerengi tinkachita chiyani nthawi yonseyo? Tinkalemba buku lathu lachiwiri m'mutu. Palibe amene amadikira zaka zochuluka chonchi mtima uli duu. Tinamusiya Tambu akulowa pasukulu ya masisitere ya Sacred Heart, ndipo aliyense anamupitiriza ulendo m'njira yake. Wina anamupanga dokotala, wina loya, wina mayi wolimba mtima amene anabwerera kumudzi kukatukula mayi ake. Tinali ndi chifukwa chotero. Uyu ndi mwana amene bambo ake, Jeremiah, atakana kumulipirira sukulu, analima kamunda kake ka chimanga, mlongo wake Nhamo n'kumamubera, iye osagwa mphwayi, mpaka anakagulitsa mondokwa ku Umtali (lero ndi Mutare) mothandizidwa ndi mphunzitsi wake. Mwana wotere ndani angamufunire zoipa? Ndiye buku lenileni likabwera, silipikisana ndi loyamba lokha. Limapikisananso ndi lija tinadzilembera tokha, limene lilibe tsamba ngakhale limodzi lotiwawa.

Nditakhumudwa ndi The Book of Not ndinabwerera ku loyamba, ndipo zimene ndinapeza zinandichititsa manyazi pang'ono. Tambu amene ndinkamulirayo m'bukumo munalibe. Ndinali nditatenga kulimba mtima kwa Nyasha n'kumuveka Tambu.

Taganizirani bwino. Ndani ankafunsa mafunso m'nyumba ya Babamukuru, bambo ake aakulu a Tambu amene anamutenga kuti azimuphunzitsa? Ndi Nyasha, mwana wa bambo aakulu (Chingerezi chimamutcha msuweni, koma kwa ife ameneyu ndi m'bale wake weniweni, ndipo kuwerenga ndi maso amenewo kumachititsa kuti zotsatirazi zipweteke kwambiri). Nyasha ndiye anabwezera bambo ake atamumenya pa nkhani yochedwa panja atachokera kudansi. Nyasha ndiye ankawerenga mbiri ya atsamunda n'kumadwala nayo, mpaka thupi lake linayamba kukana chakudya. Tambu nthawi yonseyo ankaona Babamukuru ngati kamulungu, ankathokoza, ankamvera, ankakhoza mayeso. Kamodzi kokha ndi pamene anakaniratu, tsiku la ukwati wa kutchalitchi umene Babamukuru anakakamiza makolo ake, ndipo ngakhale apo thupi ndi limene linayamba kukana kudzuka pabedi, pakamwa n'kutsatira pambuyo. Atapita ku Sacred Heart, Nyasha ankamulembera makalata, iye osapeza nthawi yoyankha. M'bale wake akumira, iye maso ali pa mabuku ndi masewera a pasukulu yatsopano. Mayi ake anamuchenjeza kuti chizungu chimene chadwalitsa Nyasha chidzamudyanso iye, ndipo anachita mantha masiku owerengeka basi, kenako n'kuzikankhira kumbali.

Chimene Tambu ankafuna kuyambira tsamba loyamba ndi kuchoka, kukwera, kusakhala ngati mayi ake. Ali wamng'ono njala imeneyo tinkaiombera m'manja chifukwa inkalimbana ndi bambo waulesi ndi mlongo wodzikonda. Mabuku otsatirawa akungofunsa kuti njala yomweyo imatani ikakula, ikakumana ndi khomo limene silitseguka ngakhale ugogode motani.

The Book of Not imayamba ndi mwendo wa Netsai, mng'ono wake wa Tambu, ukuuluka m'mwamba ataponda bomba lokwirira pansi. Ndi usiku wa msonkhano wa ankhondo omenyera ufulu, umene Babamukuru akumenyedwa pomuganizira kuti ndi wogulitsa anzake, chifukwa chotumiza mwana kusukulu ya azungu. Tambu akubwerera kusukulu atanyamula zimenezo mumtima, alibe womuuza. Kumeneko atsikana achikuda ochepawo apanikizidwa m'chipinda chimodzi. Iye akuganiza kuti akakhoza kuposa aliyense amuona ngati munthu, mpaka akudzipereka kuluka zovala za asilikali a boma la Rhodesia, omwe aja akumenyana ndi abale ake. Akukhozadi mayeso a O Level kuposa onse, koma chikho akupatsa mtsikana wachizungu, Tracey Stevenson. Ufulu utabwera mu 1980 akupeza ntchito yolemba mawu otsatsa malonda ku Harare, ndipo mzungu wina wa muofesimo ndi amene akutamandidwa pa ntchito ya iyeyo. Pamene awerengi ambiri timapsera mtima ndi apa: Tambu sakuwa, sakumenya tebulo. Akungodziimba mlandu yekha, n'kumadziyeza ngati ali ndi unhu wokwanira, umunthu uja timanena ife. Ukamawerenga umafuna kumugwira paphewa n'kumugwedeza. Koma tanenani zoona, amayi, ndi angati mwa anthu amene anaphunzitsidwa kuthokoza kuyambira ali ana amene amakuwa akaberedwa?

Tsopano pa mwala uja. Mu This Mournable Body Tambu ndi mayi wamkulu, ntchito alibe, akukhala pa hositelo ya atsikana imene msinkhu wake waipitirira. Pamalo okwerera minibasi gulu la anthu likuvula ndi kunyoza Gertrude, mnzake wa pahositelopo, chifukwa cha kavalidwe, ndipo Tambu ali m'gulumo, mwala uli m'manja. Pambuyo pake, ali mphunzitsi, akumenya mwana wasukulu mpaka kumugonthetsa khutu, iye n'kuthera m'chipatala cha odwala maganizo. Bukuli silinena kuti "ine" ngati awiri oyamba aja. Likuti "iwe": iwe watola mwala, iwe wayang'ana kumbali. Ena amati kalembedwe kameneka n'kotopetsa. Ine ndimakaona ngati chinthu chanzeru kwambiri m'mabuku onse atatu. Mtsikana uja anayamba nkhani yake ndi "ine" wamphamvu, wosachita manyazi kunena kuti imfa ya mlongo wake sinamumvetse chisoni, tsopano sangathenso kudzitchula. Akudziyang'ana chapatali ngati mlendo. Ndipo "iwe" ameneyo akamamveka m'khutu la wowerenga, mwala uja umapezeka uli m'manja mwako. Ndikuganiza kuti n'chimene chinakulandani tulo.

Komabe akulu anu asatenge chikho chonse, chifukwa pali pamene inu mukulondola.

Nervous Conditions imatha ndi lonjezo. Mfotokozankhani wake ndi Tambu wamkulu, amene akutiuza kuti m'kupita kwa nthawi maso ake anatseguka, anayamba kufunsa, ndipo kuti ulendo umenewo ungadzaze buku lina. Wowerenga aliyense anamva kuti buku linalo likadzabwera tidzaona kutseguka kwa masoko. The Book of Not silipereka zimenezo. Limatha Tambu ali gwa, wasiya ntchito, alibe kolowera. Amene akuti anapatsidwa lonjezo n'kulandira china sakunama.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, banja lija linasowa. Chimene chinatikoka m'buku loyamba ndi khamu la pakhomo: Khirisimasi kumudzi anthu atadzaza nyumba, akazi akuphika osapuma, bwalo la amuna likukamba mlandu wa Lucia, mng'ono wa mayi ake a Tambu, mwini wake ali kunja, Lucia n'kulowa atakoka ndi khutu Takesure, mwamuna amene mlanduwo unkamukhudzanso, Maiguru, mkazi wa Babamukuru, ndi digiri yake ya masitala akutumikira aliyense mpaka tsiku limene ananyamuka n'kuchoka. Munali phokoso, munali kuseka. Buku lachiwiri likutitsekera m'chipinda chogona cha pasukulu ndi m'mutu mwa munthu mmodzi wosweka, Nyasha n'kumangoonekera mwa apo ndi apo. Ndikudziwa kuti kusungulumwako n'kwadala, ndi mtengo umene Tambu walipira pochoka kwawo. Koma kudziwa kuti chinthu n'chadala sikuchititsa kuti chikome. Masamba ena a pakati pa bukuli ndinawawerenga mokoka miyendo, ndipo mpaka lero ndimaliona kuti ndi lofooka pa atatuwa. Lachitatu ndiye ayi, limenelo ndingalimenyere nkhondo, ndipo sindinadabwe litafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Booker mu 2020.

Pali mtundu wina wa kukhumudwa umene ndikufuna muusiyanitse ndi wanuwu. Mu July 2015 kunatuluka Go Set a Watchman ya Harper Lee, patatha zaka 55 chitulukire To Kill a Mockingbird mu 1960. Atticus Finch, bambo uja wa mu To Kill a Mockingbird amene anthu ankamutenga ngati chitsanzo cha chilungamo mpaka ena kutcha ana awo dzina lake, anapezeka akupita kumisonkhano ya azungu okana kuti tsankho lithe. Anthu analira. Koma bukulo silinalembedwe ngati lotsatira. Linalembedwa m'zaka za m'ma 1950, loyamba lija lisanakhaleko, ndipo ndi m'menemo mmene To Kill a Mockingbird inasulidwa. Sitolo ina ya mabuku ku Michigan inafika pobwezera ndalama ogula amene anaona kuti anauzidwa zina. Pamenepo wowerenga ali ndi mlandu weniweni ndi amene anamugulitsa bukulo. Za Tambu n'zosiyana. Dangarembga anakhala pansi, kawiri konse, akudziwa bwino lomwe kuti timamukonda mwanayo, n'kusankha kutiuza kuti maphunziro amene tinkayesa chipulumutso chake anamusiya pati m'dziko limene linasintha mbendera koma zitseko zambiri zili chitsekekere.

Mukabwerera ku mabukuwa, tsatirani chimanga. M'loyamba, Tambu wanyamula mondokwa wolima yekha kukagulitsa kwa azungu m'tauni, ndipo mayi wina wachizungu akupereka mapaundi 10 chifukwa chomumvera chisoni, osati chifukwa chofuna chimangacho. M'lachitatu, mayi ake amutumizira thumba la ufa kuchokera kumudzi, iye osalilabadira, chifukwa likumukumbutsa kumene akuthawa. Kenako Tracey Stevenson yemwe uja wa chikho akumulemba ntchito pakampani yake yoyendetsa alendo odzaona malo, ndipo Tambu akutengera alendowo kumudzi kwawo kuti akaone amayi akuvina, mayi ake omubereka ali momwemo. Mwana amene anayamba ndi kugulitsa chimanga cha m'munda mwake wafika pogulitsa mudzi wonse. Mlembi sanathyole ulusi pena paliponse. Ndi ife amene tinaona ulendo wa ku Umtali ngati chipambano chokhachokha, osaona kuti tsiku lomwelo mwanayo anaphunzira kuti umphawi wake uli ndi ogula.

Akulu anuwo muwafunse kuti buku loyamba analiwerenga ali ndi zaka zingati. Ndikuganiza kuti analipeza atakula kale, atalawako za kuntchito ndi za m'banja, choncho Tambu sanakhalepo galasi lawo ngati mmene analili kwa inu. Iwo akuweruza mabuku, inu mukulira munthu, n'chifukwa chake simukumvana. Ndipo mukakhala pansi kuti muyambirenso kukambirana, yambirani pa masamba omaliza a This Mournable Body, amene mu imelo yanu simunawatchule n'komwe. Mayi ake atasokoneza gule uja pamaso pa alendo, Tambu akusiya ntchito ya Tracey. Amene akumulandira si Babamukuru, si masisitere, si aliyense mwa anthu amene anatha moyo wake wonse akuwasangalatsa. Ndi mayi ake aang'ono, Lucia, yemwe uja ankanyozedwa pabwalo kumudzi, amene tsopano ali ndi kampani yake ya alonda, ndipo Tambu ndi digiri yake akuyambira pa ntchito zapansi.