Funsani Anti: Ndikupita ku Mauritius ndi mabwana koma tirigu amandidwalitsa

Anti, ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Mangochi koma ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg kuno ku Joni. Chaka chatha adokotala anandipeza ndi matenda aja amati coeliac, ndinkangokhalira kutsegula m'mimba, mimba kufufuma, magazi kuchepa, mpaka anthu anayamba kundinena zina. Anandiletsa buledi, mandasi, masikono, chilichonse cha tirigu, ndipo chisiyireni ndili bwinobwino thupi linabwerera. Pano mabwana anga akupita ku holide ku Mauritius mu July, malo ake akuti ndi Tamarin, bwana amakonda masewera aja oyimirira pa thabwa pa mafunde, nde akuti ndipite nawo ndizikayang'anira ana. Ndasangalala chifukwa ndege sindinakwerepo koma tulo sindikugona, ndikadya chani kumeneko? Madamu akuti ndisadandaule kumeneko ndi nsomba ndi mpunga basi. Ine ndikuopa kukadwalira kwa eni, komanso manyazi akundigwira kuti ndizikavutitsa anthu oti andilipilira tikiti. Ndithandizeni pliz.
Nabanda, Cosmo City

Achemwali anga, choyamba pitani. Osabweza ulendo umenewu chifukwa cha mimba ayi, anthu a matenda anuwa amayenda dziko lonse, ndipo si ochepa, madokotala amati pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse ali nawo kungoti ambiri sanayezetse. Koma manyazi mukunenawo ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa chakudya cha ku Mauritius, chifukwa ndikukuonani kale mutakhala pa tebulo ndi mabwana, weta wabweretsa mbale, inu mukukaika koma mwangodya kuti musaoneke ovuta. Mawa lake ndinu chigonere ndipo ana aja palibe owayang'anira. Coeliac si kusankha zakudya, gluten, chinthu chimene chimapezeka mu tirigu, balere ndi rye, ikalowa thupi lanu lomwe limayamba kuwononga matumbo ang'ono, ndiye chifukwa chake magazi ankachepa, chakudya sichimalowa bwino m'thupi. Madamu auzeni zimenezi musananyamuke, modekha, kuti dokotala anati ngakhale nyenyeswa zimandidwalitsa. Mzimayi woti amakusiyirani ana ake tsiku lonse amva.

Zimene ananena madamu zoti ndi nsomba ndi mpunga, theka ndi zoona. Anthu a ku Mauritius mpunga amadya tsiku lililonse, ndi nsomba ya kale (curry), nyemba, mphodza, masamba owiritsa amene amati brèdes, ndi supu wa tomato amati rougaille. Zonsezi pazokha tirigu mulibe. Theka linalo ndi loti chilumba chimenechi tirigu chimamukonda kwambiri, Afalansa anasiya buledi wawo, Amwenye anabwera ndi roti, Matchaina anabwera ndi manudozi, ndipo zakudya za m'mbali mwa msewu zimene aliyense adzakuuzeni kuti mulawe ndi zomwezo zoti inu musayandikire.

Chotchuka kwambiri ndi dholl puri. Chenjerani nacho chimenechi chifukwa chimapusitsa, ndi chachikasu chopyapyala, ogulitsa akuuzani kuti ndi cha dholl, kutanthauza nsawawa zachikasu zogaya, ndipo sakunama koma nsawawazo amazikulunga mu ufa wa tirigu. Roti ndi farata ndi tirigu yekhayekha. Mine frit ndi manudozi okazinga, tirigu. Samoussa, tirigu. Pamene anthu ambiri amagwera ndi pa riz frit ndi bol renversé, munthu amaona mpunga nkumati apa ndapulumuka, osadziwa kuti athiramo soya sosi ndi sosi wa oyster, ndipo soya sosi wamba amapangidwa ndi soya pamodzi ndi tirigu. Mpunga uliwonse woderako mtundu, funsani chimene chaudetsa.

Pa gombe la Tamarin pomwepo, pamene mtsinje umathira m'nyanja, pamakhala timagalimoto ndi tizisakasa togulitsa ma boulettes, timipira towiritsa pa nthunzi timene amaika mu msuzi wotentha, ndipo anthu akatuluka m'madzi akunjenjemera amathamangira pamenepo. Ana a bwanawo adzafuna ndithu, agulireni. Inuyo ayi. Ena amapanga ndi ufa wa chinangwa inde koma ena amasakaniza tirigu, zonse zimaphikidwa mu poto mmodzi, msuzi uja muli sosi ndi makyubu, ndipo mayi wogulitsayo ali ndi mzere wa anthu sangayime kuti akufotokozereni. Chimodzimodzi gâteau piment, timandasi ta nsawawa zogaya ndi tsabola, mwa iko kokha kalibe vuto kawirikawiri koma amakakazinga m'mafuta omwewo akazingiramo samoussa. Apa ndibwereze chifukwa anthu athu ambiri sadziwa: moto supha gluten. Si kachilombo koti kafe ndi kutentha. Mafuta akakazingira chinthu cha tirigu, tchipisi chimene chalowa pambuyo pake kwa inu chawonongeka. Pa malamulo a zakudya, chinthu chimalembedwa kuti gluten free ngati gluten yake siyipitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu, onani kuchepa kwake, nde muganize supuni imene yavundula pasta kenako nkulowa mu mpunga wanu.

Pa gombe lomwelo zoti mudye zilipo. Chinanazi chosenda chimene amathira mchere ndi tsabola, madzi a kokonati amene akutsegulirani inu mukuona, chimanga chootcha mukachipeza, nthochi, mapapaya. July ndi nthawi yozizirako kumeneko, mafunde amakula miyezi imeneyi nchifukwa bwana wasankha nthawi imeneyo, mango ndi lychee si nyengo yake, musakayembekezere.

Tsopano chimene ndikufuna mufunse madamu lero lomwe ndi ichi: kodi mukakhala mu hotela kapena nyumba ya lendi yokhala ndi khitchini? Ku Tamarin ndi ku Black River pafupi pake mabanja ambiri a ku South Africa amachita lendi nyumba, ndipo ngati ndi choncho nkhani yanu yatha theka, chifukwa inu ndi ine tinakulira chakudya chopanda tirigu osadziwa nkomwe. Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, nyemba, nsomba, masamba otendera, phala la mgaiwa. Munthu wa ku Mangochi sangafe ndi njala pa chilumba choti asodzi amabwera ndi nsomba m'mawa uliwonse. Chinangwa kumeneko amati manioc, mbatata amati patate, ndipo kuli arouille yomwe ndi madumbe omwe timagula kuno aja. Ku Mahébourg, kufupi ndi bwalo la ndege, kuli fakitale ya banja la Rault imene imapanga mabisiketi a chinangwa kuyambira 1870, amapezeka m'masitolo, werengani paketi kenako mugule oti muziika m'chikwama popita ku gombe ndi ana. Nsomba zokha muzigula kwa anthu odziwa, kuli nsomba zina za m'matanthwe a m'nyanja zimene zimakhala ndi poizoni wotchedwa ciguatera ndipo boma lakumeneko linaletsa kuzigulitsa, osangotola iliyonse chifukwa yaoneka yonona.

Mu khitchini ya lendiyo mukafika tsukani poto mmodzi, chiwaya chimodzi ndi mpeni, zikhale zanu. Tosta musagwiritse, sefa ya pasta musagwiritse, thabwa lodulira buledi ayi. Mthiko ndi chipande nyamulani zanu kuchoka kuno, sizilemera, zamtengo za m'nyumba za lendi zimasunga ufa m'ming'alu. Batala ndi jamu gulani kanu kakang'ono mulembe dzina, ana amapisa mpeni wa buledi m'botolo inu mukudziwa bwino kuposa ine. Ufa wa nsima mutha kunyamula paketi yosatsegula ya ku shopu koma pofika muuonetse kwa a kasitomu, Mauritius imakhwimitsa pa zomera, zipatso ndi nyama zochokera kunja, nde zinthu ngati biltong, usipa kapena mbewu zisiyeni kuno. Akakana ufawo musalimbane nawo, mpunga ulipo wambiri.

Mu supamaketi zambiri zimachokera ku France ndi kuno ku South Africa. Za kuno mukuzidziwa kale kawerengedwe kake. Za ku France sungani mawu awa pa foni: blé ndi tirigu, farine ndi ufa, orge ndi balere, seigle ndi rye, avoine ndi oats, ndipo malt mukaiona paliponse bwezani pa shelefu. Lamulo la ku Ulaya limakakamiza kuti mawu amenewa azioneka bwino pa mndandanda wa zimene zili mkati, nthawi zambiri amawalemba ndi zilembo zakuda kwambiri, nde simuvutika. Chimene mukufuna ndi cholembedwa sans gluten. Masoseji, makyubu a supu, supu wa m'paketi, zokometsera zosakaniza kale, izi muziwerenga nthawi zonse ngakhale dzina mukulidziwa.

Ngati ndi hotela, madamu alembe imelo pasadakhale, ndipo tsiku loyamba pemphani kuonana ndi wophika weniweniyo osati weta yekha. Pa bafe, paja aliyense amadzitengera yekha chakudya, pitani koyambirira anthu asanasokoneze masupuni. Ndipo kafunsidwe kake musamangoti "gluten free?" chifukwa munthu waulemu amangoti yes kuti musangalale. Tchulani zinthu chimodzichimodzi. Mwathira soya sosi? Nsombayi mwaipaka ufa musanakazinge? Msuzi mwaulimbitsa ndi chani? Mafutawa mwakazingiramo china? Chizungu kumeneko ambiri amamva koma m'khitchini amayankhulana Chikiliyo ndi Chifalansa, nde lembani pa kapepala kolimba mawu awa muzipereka kuti akaonetse wophika: "J'ai la maladie cœliaque. Pas de blé, pas de farine, pas de sauce soja, pas de friture dans la même huile." Akuti ndili ndi coeliac, osaika tirigu, ufa, soya sosi, osakazinga m'mafuta omwewo. Mukaona akukaika kapena akuyankha mothamanga, itanitsani nsomba yootcha ya mchere ndi ndimu, mpunga woyera ndi saladi wopanda sosi. Briani, mpunga wophikira pamodzi ndi nyama ndi zokometsera, nthawi zambiri imakhala bwino, kale wa nsomba kapena wa nkhuku chimodzimodzi, komabe funsani za makyubu, komanso kuli chokometsera china cha Amwenye chotchedwa hing chimene ogulitsa ambiri amachisakaniza ndi ufa wa tirigu.

Za mu ndege, kuchoka pa OR Tambo ndi maola anayi okha pafupifupi, koma kuchoka pa bwalo la ndege kukafika ku Tamarin ndi ola lina pa galimoto chifukwa bwalolo lili kum'mwera chakum'mawa pomwe Tamarin ili kumadzulo, mukaphatikiza mizere ya mapasipoti ndi tsiku lathunthu. Amene anagula tikiti apemphe chakudya chopanda gluten chimene pa ndege amachilemba kuti GFML, makampani ambiri amafuna muwauze kusanatsale masiku awiri, ndipo ena ndi ogulitsa masangweji basi. Nde nyamulani kanu, mazira owiritsa, mbatata, mtedza, nthochi, mudye zithe musanatsike. M'chikwama muikenso kalata ya dokotala, mankhwala anu a magazi ngati mukumwabe, ndi mapaketi a ORS, Thanzi yomwe ija. Mufunsenso ngati inshuwalansi ya ulendo mwalembedwapo inunso osati banja lokha, funsani mosaopa ndi ufulu wanu mukupita pa ntchito. Zikachitika kuti mwadya mwangozi, imwani madzi ambiri ndi ORS, idyani mpunga woyera ndi nthochi, pumulani. Koma mukaona thupi latentha, kapena magazi m'chimbudzi, kapena mukusanza osasiya, imeneyo si gluten yokha pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mukabwerako mundilembere, ndikufuna ndimve za ma dolphin amene amabwera m'mawa pa Tamarin paja.

Anti, ine sindinayezetse koma ndikadya kota, buledi uja amaikamo tchipisi ndi polony, kapena kumwa mowa mimba imandipweteka kwambiri nkufufuma. Mnzanga wa ku ntchito akuti ndingosiya gluten. Mu December tikupita ku Zanzibar ndi madamu anga, ndiyambiretu pano?
Bambo a Chisomo, Turffontein

Achimwene, musasiye kaye, pitani mukayezetse muli kudya buledi yemweyo. Kuyeza magazi kwa coeliac, kumene amati tTG, kumafufuza zimene thupi limatulutsa likamalimbana ndi gluten, nde mukasiya miyezi ingapo musanayezetse zotsatira zimatha kubwera zoyera pomwe matenda alipo, kenako dokotala nkukuuzani kuti muyambirenso kudya tirigu masabata angapo kuti akuyezeni bwino, kuvutika kawiri. Komanso kota muli zambiri, mafuta a tchipisi, atchar, polony, tchizi, mwina si tirigu nkomwe, zitha kukhala zilonda za m'mimba kapena mkaka, nchifukwa chake ndikuti kaonaneni ndi dokotala pano December isanafike.

Akakupezani nawo, mowa wa balere ndiye watha, kaya Castle kuno kaya Kilimanjaro kumeneko. Wayini alibe vuto, cider yambiri ilibe koma werengani botolo. Mageu musawadalire poganiza kuti ndi chimanga, ambiri amathiramo ufa wa tirigu kuti awire, pomwe thobwa lakwathu la chimera cha mawere kapena mapira lilibe. Ku Zanzibar ugali ndi nsima yathu yomwe, mpunga wa kokonati ulipo, nsomba ndi zina za m'nyanja zootcha zilipo pa gombe la Paje ndi kwina konse. Chapati, maandazi ndi Zanzibar pizza ya pa Forodhani zimenezo adye madamu.