Mafunso anu: "kutentha" kwa m'samu ndi kwa m'garaji

Wophunzira zamakina wina wa ku Chipata walemba kuti: "M'kalasi atiuza kuti heat ndi temperature n'zosiyana, koma ndikamafotokozera mng'ono wanga m'Chichewa zonse zikutuluka 'kutentha'. Kodi chiyankhulo chathu n'choperewera?"

Sichoperewera ayi, achimwene, mungowonjezera liwu limodzi kutsogolo. Temperature, chimene mumayeza ndi thermometer, chotuluka m'madigiri, muzichitcha "mlingo wa kutentha". Heat, chimene chimachoka pa chinthu chotentha n'kupita pa chozizira, chowerengedwa m'majoule (muyezo wa mphamvu), muzichitcha "mphamvu ya kutentha". Kapu ya madzi owira ili ndi mlingo wokwera kuposa dramu la madzi ofunda, komatu dramulo lasunga mphamvu yochuluka zedi. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi pamafunika majoule pafupifupi 4,200, pamene chitsulo cholemera chimodzimodzi chimangofuna pafupifupi 450. N'chifukwa chake injini amaiziziritsa ndi madzi: amanyamula mphamvu yambiri asanafike powira. Chomwe ndikukupemphani n'chakuti mukasankha mawu awiriwa musawasinthesinthe samu ili mkati, chifukwa mukatero manambala adzakhala olondola koma yankho lolakwika.

Makaniko wina wa ku Katete akufunsa ngati "injini yatentha", "yawira" ndi "yapsa" zili zofanana.

Ayi bambo, ndipo kusiyana kwake ndi kwa ndalama. Injini iliyonse ikamayenda imatentha, ndiyo ntchito yake, choncho ikapyola muyezo nenani kuti "yatentha kwambiri". "Yawira" tikunena madzi a m'radiyeta, ngakhale pakamwa timati injini. Paja madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yaikulu yamchere, koma kuno ku Chipata, kumene kuli kokwera mamita oposa 1,000, amawira pafupifupi pa 96. Chotsekera cha radiyeta chimapanikiza madziwo kuti asawire msanga, ndiye chikatha mphamvu galimoto imayamba kufuka nthunzi pachitunda. "Yapsa" ndi mawu olemera: gasiketi (chotseka mpata pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake) yawonongeka kapena mapistoni a m'kati mwa injini agwira, sakuyendanso. Musamuuze kasitomala kuti injini yapsa pamene yangowira. Samalaninso ndi "watentha" ndi "watenthetsa". Wotenthetsa injini m'mawa sanalakwe kanthu, koma "watentha injini" akumveka ngati wotentha tchire.

Mphunzitsi wina wa ku Chadiza akuti ana ake amalemba kuti "kuzizira kwalowa m'chitsulo". Awachonge?

Pocheza, mayi, asiyeni. Tonse timati "tsekani chitseko, kuzizira kukulowa", ndipo ndi Chichewa chabwino ndithu. Koma m'kope la sayansi awongoleni, pakuti chimene chimayenda ndi kutentha, ndipo pakokha chimayenda njira imodzi yokha: kuchoka kotentha kupita kozizira. M'mawa wa mu June auzeni agwire khasu limene lagona panja. Chitsulo chidzamveka chozizira kuposa mpini, chonsecho zonse ziwiri zili pa mlingo umodzi. Chitsulo chimangokoka kutentha kwa m'dzanja mofulumira kuposa mtengo. Chiganizo choti alembe ndi ichi: "Kutentha kwachoka m'dzanja n'kulowa m'chitsulo."