Kodi chidindo changachi chinali cha mfumu?

Funso: Malume anga anandisiyira chidindo chakale chimene anagula ku England. Chogwirira chake n'chasiliva, kunsi kuli mwala wofiirira umene anazokotapo chishango cha mizere yoimirira, ndipo pamwamba pa chishangocho pali chisoti cha timipira tinayi. Zilembo zake n'zotembenuka. Kodi chinali cha banja lachifumu?
Wowerenga wathu

Yankho: Zilembozo zisakudetseni nkhawa. Amisiri ankazokota motembenuza dala kuti zikawongoke pa phula lomatira kalata. Sungunulani phula pang'ono papepala, dindanipo, ndipo muziwerenga zimene zatuluka paphulapo, chifukwa pamwalapo kumanja ndi kumanzere n'kosinthana.

Cha mfumu ayi, koma mwini wake sanali munthu wamba. Ku Britain chisoti chotere n'cha baron, udindo wotsikitsitsa pa maudindo asanu a ma lord, anthu olemekezeka a kumeneko. Timipirato amatitcha ngale. Tilipo 6, koma pachithunzi timaoneka 4 tokha poti tiwiri tili kuseri. Chikanakhala cha duke, udindo wapamwamba kwambiri pa asanuwo, mukanaona masamba a sitiroberi popanda ngale.

Ine chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi mizereyo. Phula lili ndi mtundu umodzi wokha, pamene chishango cha munthu chimadziwika ndi mitundu yake. Ndiye ozokota ankalemba mitundu ndi mizere: yoimirira ndi mtundu wofiira, yopingasa ndi buluu, timadontho ndi golide, posalala ndi siliva. Njira imeneyi inafala kudzera m'buku la wansembe wachijezwiti, Silvester Petra Sancta, la mu 1638. Choncho chishango chanucho n'chofiira. Yang'ananinso ngati chinagawidwa pakati ndi mzere wotsika. Ngati chili choncho ndiye kuti pakumana mabanja awiri, ndipo paphulapo mbali ya mwamuna ikhala kumanzere kwanu, ya mkazi kumanja.

Kuti mudziwe dzina la mwini wake, tumizani chithunzi cha phulalo ku College of Arms ku London, bungwe loona za zishango za mabanja limene mfumu Richard III inakhazikitsa mu 1484, kapena kwa Lord Lyon, mkulu woona za zomwezo ku Edinburgh, ngati zizindikirozo zili za ku Scotland. Kufufuzako amalipiritsa. Ndikupemphani chinthu chimodzi: musakwechese mwalawo ndi chitsulo kapena mankhwala otsukira. Timizere timeneto n'tosaya kwambiri, tikafufutika akatswiriwo adzasowa poyambira.