Yankho kwa aphunzitsi a ku Ntcheu pa nkhani ya ma port a switch

Aphunzitsi, mwati pasukulu panu mwalandira switch (chipangizo cholumikiza makompyuta ambiri pa network imodzi) ya Cisco Catalyst 2960, ndipo mukufuna makompyuta a ana asamaone a ku ofesi. Mutapanga ma VLAN awiri (magulu osiyana a makompyuta mkati mwa switch imodzi) intaneti inasowa paliponse, kenako magetsi atathima zonse zimene munalemba zinafufutika.

Za kufufutikazo n'zosavuta. Zambiri zimene mukulemba zimakhala mu running-config, mkati mwa RAM (memory yosakhalitsa ya switch), ndiye magetsi akathima zimapita nawo. Mukangosintha kanthu n'kuona kuti kakugwira, lembani write memory pompopompo kuti zisungike.

Nkhani yaikulu, ya kusowa kwa intaneti, ili pa port (polowetsa waya) imene yapita ku router, chipangizo chimene chimakulumikizani ku intaneti. Ndikukhulupirira kuti munaisiya mu VLAN 1, momwe ma port onse amakhala switch ikamabwera, pamene makompyuta munawasamutsira kwina. Basi njira yopita kunja inaduka. Port ya router iyenera kukhala ya trunk, osati ya access. Port ya access imanyamula VLAN imodzi yokha, ndipo ndi yolumikizapo kompyuta kapena printer. Port ya trunk imanyamula ma VLAN angapo pa waya mmodzi, ndipo frame (kaphukusi ka data) iliyonse imaikidwa nambala ya VLAN yake potsatira ndondomeko yotchedwa 802.1Q. Zili ngati matumba a mbatatesi pa Lizulu: lole ndi imodzi, koma thumba lililonse lalembedwa dzina la mwini wake kuti potsitsa asasokoneze.

Tinene kuti ana ali mu VLAN 10 pa ma port 1 mpaka 16. Lembani interface range fastEthernet 0/1 - 16, kenako switchport mode access, kenako switchport access vlan 10. A ku ofesi chimodzimodzi pa ma port awo, koma VLAN 20. Pa port ya router lembani switchport mode trunk ndi switchport trunk allowed vlan 10,20. Mukaona pa intaneti akuti muyambe ndi encapsulation dot1q musavutike nazo, 2960 siilandira lamulo limenelo chifukwa imangodziwa 802.1Q yokha.

Koma trunk yokha siibweza intaneti. Router nayonso iyenera kudziwa ma VLAN awiriwo, iliyonse ndi DHCP yake (yogawira makompyuta ma adiresi) komanso subnet yake (gulu la ma adiresi a IP), mwachitsanzo 192.168.10.0/24 kwa ana ndi 192.168.20.0/24 ku ofesi. Router ya MikroTik imatha zimenezi bwinobwino, koma timarauta tating'ono ta m'nyumba tambiri sititha. Ndipo pali pena pomwe anthu ambiri amapusa: router ikangodziwa ma VLAN onse awiri imayamba kuwalumikiza yokha. Ngati simuika lamulo mu firewall ya router loletsa VLAN 10 kufika ku 20, mwana wochenjera afikabe pa kompyuta ya mayeso, ntchito yonse n'kupita pachabe.

Chonde zonsezi chitani kudzera pa waya wa console (wolumikiza kompyuta yanu mwachindunji ku switch), ndi pulogalamu ya PuTTY pa liwiro la 9600. Mukamasintha VLAN ya port imene mwalowerapo nokha kudzera pa network, mudzitsekera kunja.

Pa ma port a makompyuta onjezani spanning-tree portfast, apo ayi nyali ya port imakhala yachikasu masekondi pafupifupi 30 port isanayambe kugwira. Ine ndimaikanso spanning-tree bpduguard enable, makamaka pasukulu. Ana amakonda kutenga waya mmodzi n'kulowetsa mbali zonse ziwiri mu switch, ndipo ndi lamulo limeneli port imadzitseka yokha m'malo mogwetsa lab yonse. Ma port osagwira ntchito apatseni shutdown.

Speed (liwiro) ndi duplex (kutumiza ndi kulandira nthawi imodzi kapena mosinthana) zisiyeni pa auto mbali zonse za waya. Mukakakamiza mbali imodzi pa 100 full ina ili pa auto, inayo imagwera pa half duplex, zinthu n'kumayenda mokwawa. Waya wa network wa Cat5e asapitirire mamita 100. Ngati ofesi ili m'nyumba ina, ganizirani za fibre, chifukwa ziphaliwali za nthawi ya dzinja kumapiri kunoko zimawotcha ma port kudzera pa waya wa kopa wodutsa panja.

Mukamaliza lembani show vlan brief ndi show interfaces trunk, mujambule zimene zatuluka mutitumizire, mutiuzenso mtundu wa router yanu. Musanajambule, onetsetsani kuti password siikuoneka.