Kwa mdzukulu amene wasiya kuyimba m'tchalitchi

Mdzukulu wanga, kalata yako ndayiwerenga kawiri. Ukuti unakulira m'tchalitchi, koma chiyambire sukulu ya ukachenjede anzako amakuuza kuti Chikhristu ndi nthano chabe, ndipo mafunso awo ayamba kukulowa mumtima. Lamulungu umakhala pa benchi yakumbuyo, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka, ndipo ukuopa kuti makolo ako akadziwa adzati wapanduka. Ukufuna kudziwa ngati munthu woganiza bwino angakhulupirire zimenezi.

Wachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Usadzione ngati wochimwa chifukwa chokayika. Yohane Mbatizi, yemwe anabatiza Yesu ndi manja ake, ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesuyo analidi woyembekezeredwa uja kapena adikire wina. Yesu sanamukalipire. Anangoti akamuuze zimene akuona ndi kumva.

Vuto ndaliona n'lakuti mafunso ako wawaunjika mulu umodzi: chombo cha Nowa, masiku a chilengedwe, abusa okonda ndalama, mavuto ogwera anthu osalakwa. Katundu wotere sasenzeka ulendo umodzi. Yamba ndi mzati umene wagwira denga. Chikhristu chaimira pa nkhani imodzi, yakuti Yesu wa ku Nazarete anapachikidwa, anafa, ndipo anauka. Paulo yemwe ananena mosabisa mu 1 Akorinto 15 kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chathu n'chopanda pake. Fufuza pamenepo, zinazo zibwera pambuyo.

Zoti Yesu anakhalako ndi kuphedwa sitimva kwa Akhristu okha. Tacitus, wolemba mbiri wachiroma amene ankanyoza Akhristu, analemba cha m'ma 116 kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo, mfumu ya Aroma. Pilato analamulira Yudeya kuyambira chaka cha 26 mpaka 36, ndipo mwala wozokotedwa dzina lake unafukulidwa ku Caesarea mu 1961.

Za kuukako, kalata ya kwa Akorinto ija inalembedwa cha m'ma 55, patangopita zaka pafupifupi 25 kuchokera pa imfa ya Yesu. Paulo akutchulamo mboni: Petro, khumi ndi awiri aja, anthu opitirira 500 amene akuti ambiri anali akadali moyo, ndiponso Yakobo. Wabodza sakonda kutchula mboni zamoyo, chifukwa womva akhoza kunyamuka kukazifunsa.

Ine amene amandigwira mtima ndi Yakoboyu. Anali m'bale wake wa Yesu. Yohane 7:5 akunena kuti abale ake sankamukhulupirira, ndipo pa Marko 3:21 akwawo anapita kukamugwira poganiza kuti wazungulira mutu. Koma patapita zaka tikumupeza Yakobo akutsogolera mpingo wa ku Yerusalemu, ndipo Josephus, Myuda amene sanali Mkhristu, analemba za kuweruzidwa kwake kuti aponyedwe miyala, m'chaka cha 62. Tangoganiza za achimwene ako, amene unakula nawo, ukudziwa mmene amalizira mkonono ndi mmene amapsera mtima. Chingachitike n'chiyani kuti uwagwadire n'kumawatcha Ambuye, makamaka utamva kuti aphedwa imfa yochititsa manyazi banja lonse? Inde, anthu amafera zabodza zimene anauzidwa ndi ena, zimenezo tikuzidziwa. Koma Yakobo ndi Petro sankafera zomva kwa ena. Ngati nkhaniyi inali yopeka, opekawo anali iwo omwe.

Onjezanso kuti mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino akuti oyamba kupeza manda opanda kanthu anali amayi, Mariya wa Magadala ali pakati pawo. Masiku amenewo umboni wa mkazi unkapeputsidwa. Wopeka nkhani mochenjera akanaikapo amuna.

Sindikuti zimenezi zikutseka pakamwa aliyense ngati samu. Zili ngati mlandu, umamva mboni n'kuyeza. Pali anthu ophunzira amene anayeza n'kukana, pali ena amene anayeza n'kugwada. Chimene ndikukana ine n'chakuti wogwadayo wasiya nzeru pakhomo. Anzako akakuuza kuti sayansi inathetsa Mulungu, uwakumbutse kuti amene anayambitsa ganizo lakuti thambo lonseli likufutukuka kuchokera pa chiyambi chimodzi anali Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium, m'zolemba zake za 1927 ndi 1931.

Funso la mavuto ndiye lolemera, ndipo sindikunamiza kuti ndinalimaliza. Mwana wathu woyamba atamwalira ndinakhala pafupifupi chaka osapemphera. Baibulo linali pawindo, fumbi lili mbuu. Amene ankabwera ndi mayankho okonzeratu ankandiwonjezera ululu. Chinandibweza ndi mawu a Yesu ali pamtanda, ofunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira. Ndinazindikira kuti Mulungu amene ndinamukwiyirayo anaudziwa yekha ululu wa imfa ya mwana. Chifukwa chimene wanga anafera sindinauzidwe, koma ndinapeza wolira naye.

Tsono za makhalidwe. Makolo ako usawabisire, komanso usawatulire zonsezi ngati mwala pamutu. Sankha nthawi yomwe mtima wawo uli m'malo, uwauze kuti, "Amayi, pali zina zikundivuta pa za Mulungu, ndikufuna kuzimvetsa." Mwina adzadzidzimuka, uwapirire, chifukwa mantha awo ndi a chikondi. Anzako aja usalimbane nawo ngati adani. Funso likakukanika, vomera kuti lakukanika, kenaka ukafufuze. Abusa okonda ndalama aliko ndithu, ndipo zimandipweteka, koma Yesu yemweyo anagubuduza matebulo a osintha ndalama m'Kachisi, choncho mkwiyo wakowo sukukusiyanitsa naye.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tenga Uthenga wa Marko, uli ndi mitu 16 yokha, uziwerenga mutu umodzi patsiku cholembera chili m'manja. Pa 9:24 ukapeza bambo wina akuuza Yesu kuti akukhulupirira, koma amuthandize pa kusakhulupirira kwake. Ngati pemphero lina likukukanika, limeneli lokha likukwanira pakadali pano. Pa benchi yakumbuyo ija uzikhalabe, ngakhale osayimba. Ukamaliza Marko undilembere, undiuze pamene wakakamira.