Magetsi akabweranso, pulogalamu siidzuka yokha

Funso: Pa ofesi yathu ya alimi a tiyi tili ndi seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena) yoyendera Debian, mtundu wa Linux. Ndinaika script (fayilo ya malamulo a kompyuta) mu foda ya /etc/init.d yoyatsira pulogalamu yolemba makilo a masamba. Pamanja imayaka bwinobwino, koma magetsi akathima n'kubweranso imangoti zii. Chalakwika n'chiyani? Kalaliki, Bvumbwe, Thyolo.

Yankho: A Kalaliki, yambani mwaona kumutu kwa script yanu. Malamulo a LSB (Linux Standard Base, muyezo wa Linux) amafuna ndime imene imayamba ndi ### BEGIN INIT INFO n'kutha ndi ### END INIT INFO. M'kati mwake lembani Provides, kenako Required-Start: $remote_fs $network, Default-Start: 2 3 4 5 ndi Default-Stop: 0 1 6. Mukasiya $network, pulogalamu imatha kudzuka netiweki isanakonzeke, n'kufera pomwepo.

Mukatero chitani chmod 755 pa script kuti izitha kuyendetsedwa, kenako update-rc.d dzina defaults (pa "dzina" ikani dzina la script) kuti iziyaka yokha kompyuta ikamayaka. Apa mpamene ambiri amaiwala.

China chimene tikuchikayikira kwambiri ndi fayilo ya PID, yosunga nambala ya pulogalamu ikamayenda. Magetsi akathima mwadzidzidzi imatsalira pa disiki, script n'kumayesa kuti pulogalamu ikuyenda kale. Fayiloyi isungeni mu foda ya /run, momwe mumafufutika zonse kompyuta ikamayaka.

Yesaninso lamulo la status, lofunsa ngati pulogalamu ikuyenda: script izibweza 0 pulogalamu ikamayenda, 3 ikaima.