Tifunseni: Maimelo andichulukira, ndiyambire pati?

FUNSO: Alangizi, ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Monkey Bay, ndipo alendo ambiri amasungitsa zipinda kudzera pa Gmail. Maimelo osatsegula apitirira 2,000, moti mwezi wathawu uthenga wa banja lina lochokera ku Lilongwe unakwiririka pakati pa zotsatsa malonda, ndipo atafika anapeza chipinda chaperekedwa kwa ena. Abwana anandidzudzula kwambiri. Gmail nayonso ikuchenjeza kuti malo atsala pang'ono kudzaza. Ndiyambire pati?
Mayi wodandaula, Mangochi

YANKHO: Pepani mayi chifukwa cha manyazi amene munakumana nawo. Inu a kunyanja mukudziwa kuti nsomba sizigona pa doko. Bwato likangokocheza, chambo chimalowa mu ayezi, usipa umapita pa thandala, ndipo doko limatsala poyera kudikirira bwato lina. Inbox yanu ndi doko, koma inu mwaisandutsa nkhokwe, ndipo apa m'pamene pagona vuto lonse.

Musayese kuwerenga maimelo 2,000 amenewo, chifukwa mudzatopa musanafike pakati. Yang'anani a masabata anayi apitawa okha, muyankhe onse a alendo, kenako otsalawo muwasankhe pamodzi n'kudina Archive. Batani limeneli silifufuta kanthu. Limangochotsa mauthenga pamaso panu n'kuwasunga mu All Mail, momwe mungawapeze polemba dzina la mlendo m'bokosi lofufuzira.

Koma Archive sikuwonjezerani malo. Google imapereka 15 GB yaulere, ndipo malo amenewa Gmail imagawana ndi Google Drive ndi Google Photos, kotero nthawi zambiri zodzaza malozo zimakhala zithunzi ndi mavidiyo amene foni imakweza yokha mwini wake osadziwa. Malo akadzaza, simungathenso kutumiza kapena kulandira imelo, zomwe pa ntchito ngati yanuyi n'chimodzimodzi kutseka geti alendo ali panja. Lembani larger:10M m'bokosi lofufuzira kuti muone mauthenga olemera kwambiri, mufufute osafunika, ndipo mukhuthule Trash nthawi yomweyo, popeza zofufutidwa zimakhalamo masiku 30 zikudyabe malo.

Chimene chikanapulumutsa banja la ku Lilongwe lija ndi filter, ndiko kuti lamulo losefera mauthenga akamafika. Limeneli limakonzedwa pa kompyuta, osati pa pulogalamu ya Gmail ya pa foni, ndiye pemphani abwana akubwerekeni ya mu ofesi kwa theka la ola. Uzani Gmail kuti uthenga uliwonse wokhala ndi mawu amene alendo anu amakonda kulemba, monga booking, reservation kapena chipinda, uzipatsidwa chizindikiro chakuti "Alendo", uziikidwa nyenyezi, ndiponso usamapite ku Spam, kumene Gmail imaponyako mauthenga amene ikuwakayikira. Zotsatsa malonda musamangozifufuta, chifukwa mawa zibweranso ngati namsongole. Dinani Unsubscribe pafupi ndi dzina la wotumiza kuti asiye kukutumizirani. Ndikuchenjezeni kuti zizindikiro zisachuluke. Ndaonapo anthu okhala nazo makumi awiri, amene amathera nthawi yambiri posankha poika uthenga kusiyana ndi kuuyankha. Zitatu kapena zinayi zikukwanirani.

Zida zonsezi sizithandiza ngati chizolowezi sichisintha. Muzitsegula imelo pa nthawi zoikika, mwachitsanzo m'mawa, masana ndi pomwe mukuweruka, ndipo uthenga uliwonse mukautsegula muuweruziretu. Woyankhika m'mphindi ziwiri muuyankhe pomwepo. Wofuna kudikira abwana muudinire Snooze, imene imaubisa n'kuubwezeretsa pamwamba tsiku ndi ola limene mwasankha. Mafunso obwerezabwereza, monga mitengo ya zipinda kapena njira yochokera ku Mangochi boma, muwalembere yankho kamodzi n'kulisunga ngati Template, mutayamba mwaiyatsa mu Settings pansi pa Advanced.

Poti netiweki ya m'mbali mwa nyanja imavuta nthawi zina, yatsaninso Gmail Offline mu Chrome, pulogalamu yotsegulira intaneti pa kompyuta. Mudzatha kuwerenga mauthenga aposachedwa ndi kulemba mayankho popanda intaneti, ndipo mayankhowo adzanyamuka okha netiweki ikabwerera.

Pa nkhani ya zipinda, imelo musaiyese kaundula. Mlendo akatsimikiza tsiku lobwera, muyambe mwalemba dzina lake, chipinda ndi masiku ake m'buku la pa loji kapena mu Google Calendar imene abwana ndi anzanu a usiku angathe kuiona, ndiyeno mumuyankhe kuti malo asungidwa, kenako mudine Archive.